Tepi Yofiira pa Chiwongolero cha Alamu

Alamu anga sakhala pansi. Ndawadziwa zaka makumi atatu, kuyambira pamene anakwatira achemwali anga, ndipo sindikumbukira tsiku limene ndinawaona atamaliza kapu ya tiyi ali pa mpando. Amamwa chiimirire, diso lili pa galimoto, ngati pali wina akufuna kuithawitsa. Anthu amangowatchula kuti a Mkaka, chifukwa kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akhala akukwera kumapiri m'mawa uliwonse ndi pikiapu yawo, kukatolera mkaka kwa alimi a ng'ombe n'kutsika nawo kumalo oziziritsira dzuwa lisanawawe. Mkaka sudziwa Lamlungu, sudziwa chimfine. Ukachedwa ola limodzi umasasa, ndiye munthu amene wakhala nawo zaka zonsezi amayamba kufanana nawo.

Ine ndine makaniko. Galaja yanga ndi denga la malata pa mizati isanu ndi umodzi, dzenje limodzi lolowera pansi pa galimoto, ndi benchi yokhala ndi vaisi yopanira zitsulo imene ndinaipeza kwa amene anandiphunzitsa ntchito. Pikiapu ya alamu ndaiona kumimba kambiri kuposa mmene ndaonera nkhope za ana anga. Ndipo pa zonse zimene zili kumimbako, chimene chandidyera nthawi kwambiri ndi tayirodi.

Kwa amene sanagonepo pansi pa galimoto, tayirodi ndi chitsulo chachitali chimene chimalumikiza matayala awiri akutsogolo, kuti ukapotoza chiwongolero onse amvere limodzi. Kunsonga zake kuli timitu tozungulira timene timamangirira ku matayalawo. Chitsulochi chikapindika, tayala lina limayang'ana kwake, linanso kwake, ndipo chiwongolero chimakhala chopendekeka ngakhale galimoto ikuyenda molunjika.

Pa msewu wa alamu pali chitunda chimodzi chimene chadya zitsulo zimenezi. Ukangowoloka kamtsinje, msewu umakwera moimirira, moti boneti imakuphimba kumaso, umangoona thambo lokha. Pamwamba penipeni pamapanikiza. Kumanja kuli mwala waukulu wotuluka m'nthaka, kumanzere kuli chigwembe chakuti ukaponyamo chigubu umachita kudikira kuti umve kulira kwake. Pakati pake pamangokwana galimoto imodzi, ndipo dalaivala amadutsapo osaona pamene matayala akuponda. Ukaopa chigwembe umagunda mwala, ndipo mwalawo subweza moni.

Alamu anali ndi njira yawoyawo. Tayirodi ikapindika pang'ono sankabwera kugalaja, poti mkaka sudikira makaniko. Ankaima pamalo osalala, n'kuyendetsa galimoto molunjika mamita angapo, n'kuyang'ana pamene chiwongolero chakhala. Pamene pali pamwamba tsiku limenelo ankakulungapo tepi yofiira, ija timamangira mawaya. Akafika pachitunda, thambo litadzaza galasi, ankangoika tepiyo pamwamba n'kuponda mafuta pang'onopang'ono, ndipo galimoto inkadutsa pakati ndendende. Chitsulo chikapindikanso, tepi inkasamuka. Chikafika poipa ndiye ankabwera nacho kwa ine, tinkachimasula, kuchipana pa vaisi, kuchiwongola ndi paipi, n'kuchibwezera. Kuwongoka kwenikweni sichinkawongoka, choncho tepi sinakhalepo pakati penipeni pa chiwongolero chiyambire.

Ndinawauza kambirimbiri kuti chitsulo chowongolawongola chimatopa mkati ngakhale kunja chikuoneka bwino. Iwo yankho linali limodzi.

"Chitsulo chofewa ndi mlonda, alamu. Chikapindika chimapulumutsa bokosi la chiwongolero. Mukufuna ndiike chankhanza kuti chikathyole bokosi ndili pamwamba pa phiri?"

Chimene chinkandipweteka n'chakuti sankanama kwenikweni. Bokosilo ndi limene limatumiza kupotoza kwa chiwongolero ku matayala. Mphamvu ya mwala imayenera kupita kwinakwake, ndipo ukalimbitsa apa imakafuna pofooka pena. Koma munthu akhoza kunena zoona n'cholinga chobisa zina, ndipo alamu pa luso limeneli ndi katswiri.

Chaka chatha phewa lawo lamanja linakana. Tayala likagunda mwala chiwongolero chimabweza ngati bulu, ndipo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi za kubwezedwa zinathera m'phewamo. Anayamba kumwera tiyi kumanzere. Malaya ankachita kuvekedwa ndi achemwali, chitseko chitatsekedwa kuti ana asaone. Dokotala anawauza mosapsatira kuti akapitiriza kulimbana ndi chiwongolero pa msewu wotero mkonowo udzangokhala wokongoletsa. Alamu anabwerako n'kunena kuti dokotala wati achepetse pang'ono.

Ali ndi mwana wamkazi wachisamba, wazaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, amene tonse timangomutcha Wachisamba. Ameneyu ali ndi laisensi yake, ndipo ankayendetsa galimoto yogawa buledi m'tauni. Atamva za phewa anasiya ntchitoyo n'kubwera kudzathandiza bambo ake. Miyezi iwiri yoyamba ntchito yake inali yonyamula zigubu basi, chiwongolero ankangochionera pambali. Tsiku lina phewa litavuta kwambiri alamu anamulola kuyendetsa. Pachitunda paja tayala linakhudza mwala, osati mwamphamvu, koma chitsulo chotopa chija chinapindika ngati waya wa hang'ala. Galimoto inakokera kumanzere n'kukaima tayala limodzi lili m'mphepete mwenimweni mwa chigwembe.

Madzulo ake achemwali anabwera kugalaja atagwira alamu pamkono wabwinowo ngati mwana wothawa sukulu. Achemwali anga salankhula mokweza, ndipo n'chifukwa chake tonse timawaopa.

"Achimwene, mumve inunso kuti pasadzakhale wokana. Mwana wanga sakweranso galimoto iyi mpaka muikemo chitsulo cholimba. Ndipo tsiku limene chiikidwe, bambo awa atsike, apereke makiyi. Sindikufuna kuika mwana m'manda, sindikufunanso kudyetsa mwamuna ndi supuni."

Alamu anazungulira dzenje kawiri, n'kumenya tayala ndi nsapato.

"Chabwino. Chitsulo chabwino chikapezeka, makiyi ndi ake."

Ine ndinasangalala ngati chitsiru. Sindinamve bwino mawu akuti chikapezeka.

Zitsulo zolimba za magalimoto a m'misewu yoipa sizisowa. Tsidya la msika kuli sitolo ya masipeya ya mayi wina wamagalasi okhuthala, amene amadziwa nambala ya chitsulo chilichonse pamtima. Tinapita kumeneko Lachiwiri masana, alamu atatsitsa mkaka. Mayiyo anatulutsa choyamba, chonyezimira ngati mpope wa m'bafa la hotela. Alamu anachinyamula, n'kuchigogoda ndi sipanala pafupi ndi khutu.

"Chikomekome cha mkuyu ichi. Tamvani, alamu, mkati mulibe kanthu. Ndi paipi yopaka utoto."

Ndinachigogoda nane. Chinali chokhuthala kunja koma khoma lake lopyapyala. Ndinavomereza, ndipo ndinanyadira kuti alamu anga akusankha mosamala.

Kenako mayiyo anapita kumbuyo n'kubwera ndi china atachikumbatira ndi manja awiri. Chakuda, chosanyezimira, chitsulo chokhachokha mpaka mkati, chokhuthala ngati mpini wa khasu. Timitu take tinali tokulirapo kuposa takale, tokhala ndi kabowo kothirira girisi. Ndinayeza pamene timalowa, ndinapeza kuti tikwana popanda kuboola kapena kusema chilichonse. Mtima wanga unati basi, tapeza.

"Ichi ndiye chithyola bokosi," anatero alamu.

Ndinawafotokozera kuti ndaganizira kale zimenezo. Tiika chitsulo chophwatalala pa chesisi pamene bokosi limamangidwa, kuti mabawuti asang'ambe. Tiikanso shoko yopingasa, yomwe imameza kugunda kwa mwala kusanafike m'manja mwa dalaivala. Ndi zitatuzo pamodzi, mwala uja ukhala ukuluma pouma.

"Ndikaganize," anatero, ali kale pakhomo.

Anaganiza masabata asanu ndi limodzi. M'masabata amenewo ankayendetsabe okha, Wachisamba ali pakhomo kutsuka zigubu n'kumaluma mano. Masana aliwonse alamu ankafika kugalaja ndi nkhani yatsopano. Tsiku lina akuti amva kwa dalaivala wa matabwa kuti zitsulo zakudazo zimachita dzimbiri kumazinga. Mawa lake akuti n'cholemera, chithetsa matayala. Anandikokera kwa ogwetsa magalimoto akale, kumene tinakhala maola awiri padzuwa tikutembenuza zitsulo zimene ngakhale wopanga mbaula akanazikana. Anayenda ndi kachingwe m'thumba koyezera utali, ndipo chitsulo chilichonse chinkapezeka kuti chatalika ndi chikhadabo kapena chafupika ndi chikhadabo, ngakhale ankadziwa bwinobwino kuti timitu timasunthika pa mazinga.

Kusitolo kuja tinabwererako kasanu. Ulendo wachinayi mayi wa masipeya anatsitsa magalasi n'kuwayang'ana alamu kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Bambo, ine ndinakwatiwa mwachangu kuposa mmene inu mukusankhira chitsulochi. Mukufuna chikuphikireni?"

Alamu anaseka, koma miyendo inali ikupondaponda pansi ngati simenti ikuwotcha.

Sabata yachisanu anabwera ndi nzeru imene anaikonda kwambiri. Anati titenge paipi yokhuthala, tilowetse tayirodi yakale mkati mwake, ndiwotcherere kunsonga. Ena amachitadi zimenezo, ndipo pa chitsulo chatsopano zimathandiza. Koma chawocho chinali chitawongoledwa kosawerengeka, ndipo moto wa kuwotcherera ukanangomalizitsa kuchifooketsa pamalo pomwe pali mazinga. Ndinakana.

"Ndiye kuti simukufuna kundithandiza," anatero.

Apa ndiye mtima wanga unadzaza. Ndili ndi mkwiyo wofulumira, achemwali amati ndinatengera agogo aamuna, ndipo tsiku limenelo ndinali nditadzimenya chala ndi hamala m'mawa. Ndinatuluka m'dzenje, n'kuponya sipanala pa benchi.

"Alamu, tisanamizane, tonse ndife akuluakulu. Chitsulo munachipeza tsiku loyamba lomwe lija. Mukuzungulira tauni yonse ngati nkhuku yofuna poikira chifukwa mukudziwa kuti tsiku lomanga chitsulocho ndi tsiku lotsika inu. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mukudikira chiyani, kuti mkono ugwe, kapena kuti tikakutoleni m'chigwembe ndi zigubu zanu?"

Ndinkayembekezera kuti akalipa, ndipo ndinali wokonzeka. Koma anangoima, dzanja lamanzere litagwira phewa lija, akuyang'ana pikiapu.

"Galimoto iyi, alamu, palibe wina amaitha. Mukudziwa inunso. Madalaivala atatu anaiyesa pamene ndinadwala malungo, onse anabweza makiyi tsiku lomwelo. Mukaikamo chitsulo chanucho, aliyense ayendetsa. Ndiye ine ndikadzuka m'mawa, nsapato ndivale kuti ndipite kuti?"

Ndinachita manyazi, ndipo ndinawamvera chisoni kwambiri. Ndinatola sipanala ija n'kuyamba kuipukuta ngakhale inali yoyera.

Amene anathetsa nkhaniyi ndi Wachisamba. Lachisanu la sabata yotsatira anafika kugalaja bambo ake ali pomwepo, akundifotokozera za chitsulo china chimene akuti chikubwera mwezi wamawa. Anapereka moni mwaulemu, n'kuima pafupi ndi mzati.

"Bambo, abwana akale aja andiimbira. Dalaivala amene analowa m'malo mwanga wachoka, ndiye akufuna yankho Lolemba. Ine sindinabwere kuno kudzatsuka zigubu. Ngati galimoto simundipatsa, ndiuzeni bwinobwino, sindikwiya. Koma mukadzalephera kukweza mkono, msewuwo adzatenga ndi munthu wina, osati wa m'nyumba mwanu."

Analankhula ngati mayi ake, mosakweza mawu. Alamu anazungulira galimoto, anagwedeza chitseko chakumbuyo ngati akuyesa mahinjesi, kenako anatuluka pageti wapansi osatsanzika.

Patapita ola anabwera atasenza chitsulo chakuda chija paphewa lamanzere, katoni ya shoko ili kukhwapa. Pambuyo pake mayi wa masipeya anandiuza kuti alamu anabwerera okha tsiku loyamba lomwe lija, ine nditapita, n'kuwapempha kuti chitsulocho achibise kumbuyo asagulitse kwa wina aliyense.

Tinamanga Loweruka masana. Wachisamba analowa nane m'dzenje atavala ovolosi yanga yakale, alamu ali pamwamba kuzungulirazungulira, kulangiza zinthu zimene tinali titachita kale. Timitu takale tinatuluka movutikira, tinachita kutimenya pambali ndi hamala yaikulu. Titaika chitsulo chakale pansi pafupi ndi chatsopano, chinkaoneka ngati ndodo ya nkhalamba, chokhota pawiri, chodzaza zipsera za vaisi. Alamu anachitola n'kukachiimika pakona mosamala, kutali ndi mulu wa zitsulo zotaya.

Nthawi zonse posintha timitu ndimawerenga mazinga kuti chatsopano chikhale pomwe panali chakale. Apa sizikanatheka, poti chakalecho chinali chokhota ndipo utali wake unali wabodza. Ndinamanga chingwe kuchokera ku matayala akumbuyo mpaka akutsogolo mbali zonse ziwiri, n'kumapotoza chitsulo pang'onopang'ono, Wachisamba akuyeza ndi tepi yoyezera kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala, mpaka onse awiri anayang'ana kumodzi. Tinamanga chitsulo chothandizira bokosi, tinamanga shoko, tinathira girisi. Kenako ndinakhazika chiwongolero pakati penipeni, koyamba m'zaka zambiri.

Tepi yofiira ija inapezeka ili pambali, kutalika kwa chikhatho kuchokera pamwamba, chakumanja. Ndinatambasula dzanja kuti ndiimatule. Alamu anandimenya pamkono.

"Isiyeni. Ndinaika ndekha, ndichotsa ndekha."

"Chabwino, koma mukumbukire kuti tepiyi tsopano ikunama."

"Ndikudziwa, alamu, ine si mwana." Anapukuta manja pa thalauza. "Mawa ndiyendetsa ine komaliza. Sindingapatse mwana wanga chinthu chimene sindinachiyese ndekha."

Ndinayang'ana Wachisamba. Anangokweza mapewa. Achemwali atamva anati ulendo umodzi wokha, ndipo ine ndipite nawo monga mboni.

Tinanyamuka kutangocha, atatu kutsogolo, zigubu zopanda kanthu zikulira kumbuyo. Alamu pa chiwongolero, Wachisamba pakati, ine kuchitseko. Pa msewu wafumbi galimoto inkayenda ngati yatsopano. Kale chiwongolero chinkasewera, umachita kupotoza kaye pang'ono matayala asanamve. Tsopano chinkamvera pompopompo. Tinadutsa pa mabampu, shoko inameza zonse, manja a alamu sanagwedezeke n'komwe. Ndinadikira kuti ayamikire.

"Chauma kwambiri," anatero. "Sichikundiuza kanthu."

Koma ankayendetsa bwino, chifukwa maso ankaona msewu, ndipo tepi inali pambali pake osaiyang'ana. Panjira ankalankhula osapuma, kuuza mwana wake zinthu zimene anali atamuuza kale kakhumi. Pakhomo ili galu amathamangira tayala, usamuzembe, amadziwa yekha pothawira. Bambo wa nyumba ya buluu amathira madzi mumkaka mvula ikagwa, uziyeza. Mayi wa ng'ombe ziwiri kumtunda miyendo imawavuta, satulutsa chigubu kumsewu, umafunika kuliza hutala kawiri n'kukatenga wekha. Wachisamba ankangoti, "Ndamva, bambo."

Tinawoloka kamtsinje. Alamu anaika giya yamphamvu, anasiya kulankhula, ndipo galimoto inayamba kukwera. Boneti inadzuka, msewu unasowa, galasi lonse linadzaza thambo. Ine chitunda chimenechi ndimachidziwa ndi zitsulo zimene chimanditumizira, koma kukhalapo ndekha, chigwembe chili mbali yanga, inali nkhani ina. Ndinagwira chogwirira chapamwamba pa chitseko n'kuyang'ana kunja.

Sindinaone pamene manja awo anachitira zimenezo. Ndinangomva mawu a Wachisamba, otsika, ofulumira.

"Bambo, tepi."

Nditatembenuka, tepi yofiira inali pamwamba penipeni pa chiwongolero, pamene yakhala ikukhala m'mawa uliwonse pamalo amenewa. Alamu maso anali kutsogolo, nkhope yodekha, ngati munthu amene akuchita chinthu chimene amachidziwa kuposa dzina lake. Ndipo chitsulo chatsopano chija, chomvera bwino, chinali chikutitengera kumanzere monga momwe chinauzidwira.

"Bambo, tepi, imani."

Wachisamba anagwira chiwongolero ndi dzanja limodzi, linalo n'kukoka handibuleki. Alamu anaponda buleki. Galimoto inagwedezeka, mbali yanga inatsika pang'ono, ndipo ndinamva dothi ndi timiyala tikugumukira pansi. Zigubu zinagundana kumbuyo, kenako zinakhala chete. Ndinasuzumira pawindo. Theka la tayala linali pa msewu, theka linalo linali pamwamba pa mphepo.

Injini yokha ndi imene inkalira. Alamu anayang'ana tepi, kenako anayang'ana manja awo, nthawi yaitali, ngati ndi a munthu wina amene wawabwereka. Ine mkwiyo unabwera, mawu anafika pakamwa, aja akuti ndinakuuzani dzulo. Nditaona nkhope yawo ndinawameza.

"Ndimadziwa," anatero pomaliza, mawu ali pansi. "Ndakhala ndikudziuza njira yonseyi. Ndimadziwa ndithu."

Anayesa kumatula tepi ndi dzanja lamanja, koma mkono unakana kukwera mpaka pamwamba pa chiwongolero. Anagwiritsa lamanzere. Inali yokulungidwa kambiri, yatsopano pamwamba pa yakale, ndipo inatenga nthawi. Pansi pake chiwongolero chinali chakuda bii, chosagwidwa ndi dzuwa. Atamaliza anatsegula chitseko n'kutsika mosamala, makiyi akulendewera pamalo pake, injini ikuyendabe.

Wachisamba anasunthira pa mpando wa bambo ake. Anaukokera kutsogolo pang'ono, anakonza galasi. Ine ndinali nditatulukira chitseko cha dalaivala iye asanakhale, chifukwa changa chinkatsegukira kuchigwembe, ndipo ndinaima kumbuyo kumuuza za tayala. Anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka matayala onse anagwira nthaka. Kenako anatulutsa mutu pawindo, anayang'ana mwala, anawongola chiwongolero, n'kukwera. Tayala lakumanja linakhudza mwala uja, ndinamva kugunda kwake ndili panja. Galimoto sinapatuke ngakhale pang'ono. Anakaima patsogolo pamalo otakasuka.

Ndinagwada n'kusuzumira pansi. Chitsulo chinali chowongoka ngati mmene tinachimangira.

Nditadzuka ndinapeza alamu atakhala pamwala uja. Atakhala pansi ndithu, miyendo yotambasula, kampira ka tepi yofiira kali m'manja.

"Tiyeni, alamu, mkaka ukudikira."

"Pitani. Mundipeza pobwerera."

"Bambo, kwerani," anatero Wachisamba pawindo.

"Pita, mwana wanga, dzuwa likukwera. Alimi asaone anthu awiri, asokonezeka kuti alankhule ndi ndani."

Tinapita awiri. Ine ndinanyamula zigubu, ntchito imene msana wanga sunaiiwale mpaka lero. Pakhomo lililonse funso linali lomwelo, a Mkaka ali kuti, ndipo Wachisamba ankayankha kuti ali bwino, kuyambira lero amene azibwera ndi iyeyo. Ena anamuyang'ana mokayikira, ena anaseka n'kunena kuti bola iyeyu mwina amakhala pansi munthu akamupatsa mpando. Wachisamba anayeza mkaka wa bambo wa nyumba ya buluu ngakhale mvula inali isanagwe. Tinatenga pafupifupi maola awiri.

Pobwerera ndinkaganiza kuti tiwapeza atatsika wapansi mpaka kukamtsinje, kapena akutola miyala mumsewu, kapena akukangana ndi wina za mmene angakonzere chitundacho. Tinawapeza pomwe tinawasiya, atakhala chimodzimodzi, mthunzi utasamuka n'kuwasiya padzuwa.

Wachisamba anaimitsa galimoto. Alamu anadzuka, anakutumula thalauza, ndipo mapazi anawatengera ku chitseko cha dalaivala. Anafika mpaka pogwira chogwirira. Kenako anachisiya, anazungulira kutsogolo kwa boneti, n'kubwera mbali yanga. Ndinasunthira pakati kuti akhale kuchitseko.

Tinatsika chitunda, zigubu zodzaza zitaleka phokoso. Titawoloka kamtsinje alamu anakonza kukhosi.

"Wa mayi wa ng'ombe ziwiri uja mwatenga?"

"Tatenga, bambo. Ndinaliza kawiri."

Anagwedeza mutu. Manja awo anakwera okha pang'ono kutsogolo, pamene panalibe choti agwire. Anawaika pa mawondo, anawachotsa, anagwira lamba, anamusiya. Pomaliza anawapana pakati pa miyendo, ndipo anakhala choncho mpaka tinafika.